Msonkho pa ndalama zimene munapeza musanasamukire dziko lina: mmene mungakonzere chaka choyamba

Munthu akasamukira dziko lina kukakhazikika, pali funso limene limamusowetsa tulo chaka choyamba: malipiro amene ndinalandira ndisanabwere kuno, ndi ndalama zimene ndakhala ndikusunga zaka zonsezi, kodi boma la kuno lidulapo msonkho? M'mayiko ambiri yankho ndi loti ayi. Canada, America, UK, Australia ndi South Africa onse amayenda pa mfundo imodzi. Dziko limayamba kukhometsa msonkho pa ndalama zanu zonse, zochokera kulikonse, kuyambira tsiku limene lamulo lake likukuwerengerani ngati wokhala m'dzikomo. Tsikulo lisanafike, dzikolo limangokhudza ndalama zimene zatuluka m'nthaka yake, monga lendi ya nyumba imene ili komweko.

Koma "ayi" ameneyu ali ndi mipata, ndipo anthu amagwera m'mipatamo osati chifukwa cha chinyengo, koma chifukwa sanadziwe kuti tsiku lawo ndi liti, kapena analandira ndalama patadutsa sabata imodzi tsikulo litapita. M'malangizo ano tsikuli tilitcha tsiku la malire. Zonse zotsatirazi zapachikika pa ilo.

Choyamba: pezani tsiku la malire ndipo mulisungire umboni

Kawirikawiri tsikuli silidalira pasipoti imene muli nayo, ndipo nthawi zambiri silifanana ndi tsiku limene chitupa chanu cholowera m'dziko chinatuluka. A zolowa ndi kutuluka ali ndi malamulo awo, otolera msonkho ali ndi awo. Pa mafomu mudzaona mawu akuti tax resident, ndipo dziko lililonse limawamasulira mwa njira yake.

Ku Canada, bungwe lotolera msonkho la CRA limayang'ana zimene zakumangirirani m'dzikomo. Zazikulu ndi zitatu: nyumba yokhalamo, mwamuna kapena mkazi wanu, ndi ana kapena ena odalira inu. Akaunti ya ku banki, laisensi yoyendetsera galimoto ndi khadi la chipatala zimawonjezera mphamvu. Kwa anthu ambiri tsiku la malire ndi lomwe anatsika ndege kudzakhala. Amene amangofika kudzadindidwa zikalata, n'kubwerera kukamaliza ntchito kwa miyezi isanu, banja ndi nyumba zili kumene akuchokera, kawirikawiri tsiku lawo ndi la ulendo wachiwiri. Koma mkazi ndi ana akatsogola n'kuchita lendi nyumba, bambo wotsala m'mbuyo akhoza kuwerengedwa kuti analowa tsiku lomwe banja linakhazikika, ngakhale iye akadali kuntchito kutali. Pamenepo malipiro a miyezi yotsalirayo agwera mkati mwa malire.

America imawerenga masiku. Muli wokhalamo ngati muli ndi green card, chitupa chokhazikikira m'dzikomo, kapena ngati mwakwanitsa muyeso wotchedwa substantial presence test: masiku 31 kapena kuposa chaka chino, komanso masiku 183 mukaphatikiza onse a chaka chino, gawo limodzi mwa magawo atatu a masiku a chaka chatha, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a masiku a chaka cha dzana. Munthu wokhala masiku 120 chaka chilichonse amapeza 120 + 40 + 20, omwe ndi 180, ndipo sanafike. Msampha uli pa tsiku loyambira. Mukakwanitsa muyesowu, kuwerenga kumabwerera ku tsiku loyamba limene munaponda m'dzikomo chaka chimenecho. Tiyerekeze kuti munapita mu Febuluwale kwa masabata awiri kukafunafuna nyumba ndi sukulu ya ana, n'kusamuka pa 1 Juni. Kuyambira 1 Juni mpaka 31 Disembala ndi masiku 214, ndiye muyeso mwaukwanitsa, ndipo tsiku la malire labwerera ku Febuluwale. Malipiro a Malichi, Epulo ndi Meyi amene munalandira kuntchito yakale alowa pa fomu ya America. Lamulo limalola kuchotsa masiku osapitirira 10 ngati nthawiyo moyo wanu unali ukadali kumene mukuchokera, choncho ulendo wokaona malo usapitirire masiku 10 onse pamodzi. Ophunzira amene ali pa chitupa cha F-1 masiku awo sawerengedwa kwa zaka zisanu zoyambirira.

Ku UK chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo. Kuyambira mu 2013 pali lamulo lotchedwa Statutory Residence Test, ndipo limati munthu ndi wokhalamo chaka chonse kapena sali, palibe theka. Chimene chimapulumutsa wobwera pakati pa chaka ndi split year treatment, yomwe imadula chaka pawiri. Sikuti aliyense amaipeza. Muyenera kugwera m'gulu limodzi mwa magulu asanu a obwera, monga kuyamba ntchito ya maola onse mu UK, kapena kukhala ndi nyumba mu UK mokha, ndipo gulu lililonse lili ndi tsiku lake lodulira.

South Africa imayang'ana kaye kumene kuli kwanu kwenikweni, kumene mumabwerera mukatha maulendo. Ikapanda kugwira pamenepo imawerenga masiku: oposa 91 chaka chino, oposa 91 pa chaka chilichonse mwa zaka zisanu zapitazo, ndi oposa 915 pa zaka zisanuzo pamodzi. Chaka chake chimayamba pa 1 Malichi. Cha Australia chimayamba pa 1 Julayi.

Zimachitika kuti mayiko onse awiri akukutengani ngati wawo pa miyezi yomweyo. Ngati awiriwo anasainirana pangano lopewa msonkho wa kawiri, panganolo limathetsa mkanganowo potsata ndondomeko iyi: kumene muli ndi nyumba yokhazikika, ngati ndi konse, kumene kuli banja ndi chuma chanu, kenako kumene mumakhala nthawi zambiri, kenako unzika.

Mukalipeza tsikulo, lilembeni pa pepala limodzi pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo muphatikizepo chikalata chokwerera ndege, tsamba la pasipoti lodindidwa, pangano la lendi ndi kalata ya ntchito. Masiku ano pa mabwalo ambiri a ndege sadindanso pasipoti, choncho musataye chikalata chokwerera ndegecho. Patapita zaka zitatu, wokufunsani sadzakhutira ndi mawu akuti "ndikukumbukira kuti munali mu Ogasiti".

Chachiwiri: gawani ndalama zanu m'milu itatu

Tengani masitetimenti a ku banki a chaka chosamukiracho, mudutse mzere ndi mzere, ndalama iliyonse yolowa muiike pa mulu wake.

Mulu woyamba ndi wa ndalama zimene munazigwirira ntchito ndi kuzilandira tsiku la malire lisanafike. Izi ndi chuma chanu, si phindu la chaka chino. Kuzitumiza ku akaunti yatsopano sikubala msonkho, kaya muzitumiza tsiku lofika kaya patatha zaka zisanu. Chofunika ndi umboni woti zinalipo kale. Tulutsani sitetimenti ya akaunti iliyonse yoonetsa ndalama zotsala pa tsiku la malire, musunge pamodzi ndi mapepala a malipiro ndi kalata yogulitsira galimoto kapena nyumba. Banki yatsopano nayo idzafunsa kumene ndalama yaikulu yachokera. Mukanyamula ndalama m'manja, pa chipata muyenera kuulula zikafika 10,000 ya ndalama ya dzikolo ku Canada, UK ndi Australia, kapena zikaposa madola 10,000 ku America. Kuulula kumeneku si msonkho, simulipira kanthu. Amene saulula ndi amene amalandidwa.

Langizo limodzi limene limapulumutsa ntchito yambiri: musasakanize. Ndalama zakale zikhale mu akaunti yawo, zolowa pambuyo pa tsiku la malire zipite mu akaunti ina.

Mulu wachiwiri ndi umene uli ndi vuto lenileni: ndalama zimene munazigwirira ntchito musanasamuke koma zalipidwa mutafika. Malipiro a mwezi womaliza, bonasi ya chaka, ndalama za masiku a tchuthi amene simunapite, ndalama zotsazikira ntchito, komishoni yochedwa. Apa mayiko amasiyana kwambiri. America imayang'ana tsiku lolandira. Buku la IRS, bungwe lotolera msonkho la America, lotchedwa Publication 519 limanena poyera kuti ndalama zakunja zolandiridwa muli wokhalamo zimakhomedwa msonkho ngakhale munazigwirira ntchito musanakhale wokhalamo. Canada nayo imakhometsa malipiro a ntchito pa nthawi yolandira. UK imafunsa funso lina: ndalamazi ndi za ntchito ya nthawi iti? Ngati ndi za ntchito imene munagwira kunja musanakhale wokhalamo, kawirikawiri sizikhudzidwa ngakhale zafika mochedwa.

Tiyerekeze munthu amene akupita ku Toronto pa 1 Seputembala, ndipo bonasi yake ya 8,000 imatuluka pa 15 Seputembala. Masabata awiri okha amenewo ndi amene aika 8,000 yonse pa fomu ya Canada. Msonkho umene dziko lakale ladulapo udzachotsedwa, inde, koma ngati mlingo wa Canada uli wokwera, kusiyana kwake kutuluka m'thumba mwake. Mankhwala ake ndi osavuta, koma amagwira ntchito pokhapokha musananyamuke. Lembani kalata kwa abwana anu mwezi umodzi kapena iwiri nthawi isanakwane, kupempha kuti zonse zimene ayenera kukupatsani zilipidwe tsiku lonyamuka lisanafike. Ngati mumadzigwirira ntchito nokha, tumizani mabilu msanga ndi kulondola amene sanalipire. Zikakanika, pemphani kalata yonena miyezi imene ndalamayo ikuimira ndi msonkho umene wadulidwa.

Mulu wachitatu ndi wa ndalama zimene zikupitiriza kubadwa kunja inu mutasamuka: lendi ya nyumba imene mwasiya, chiwongoladzanja cha ku banki, phindu la masheya, penshoni. Kuyambira tsiku la malire zonsezi ndi za pa fomu yatsopano, ngakhale simunazibweretse, ngakhale m'bale wanu ndiye akuzilandira n'kumagwiritsa ntchito. Anthu ambiri amakhulupirira kuti ndalama imene sinawoloke malire sikhudzidwa. M'mayiko amene tatchulawa si choncho.

Pa mulu womwewu pali ntchito ya pa intaneti. Ngati mwasamuka koma mukugwirabe ntchito ya kampani yakale pa kompyuta, malipirowo si akunja ayi. Lamulo limayang'ana kumene thupi lanu linali pamene mumagwira ntchitoyo. Mukakhala pa tebulo ku Manchester, ndalamayo ndi ya mu UK, kaya ikulowa mu akaunti ya dziko liti.

Chachitatu: lembani mtengo wa katundu wanu pa tsiku la malire

Gawo ili ndi limene anthu amalidumpha chifukwa palibe amene amalifunsa chaka choyamba. Limadzaluma tsiku logulitsa.

Canada, Australia ndi South Africa amatenga ngati katundu wanu wakunja mwamugula pa tsiku la malire, pa mtengo wa pamsika wa tsikulo. Phindu lonse limene linakula musanabwere latsukidwa. America sichita zimenezi, ndipo UK nayo kawirikawiri sichita: amawerenga kuchokera pa mtengo umene munagulira, ngakhale zinali zaka 15 zapitazo.

Taonani kusiyana kwake. Munagula masheya pa 20,000. Tsiku losamuka anali pa 50,000. Patatha zaka ziwiri mwagulitsa pa 56,000. Ku Canada phindu ndi 6,000, ndipo theka lake ndi limene limalowa pa ndalama zokhomedwa msonkho. Ku America phindu ndi 36,000, kuphatikizapo 30,000 imene inakula musanalote n'komwe zosamuka. N'chifukwa chake ena opita ku America amagulitsa masheya okwera asananyamuke, n'kuwagulanso ngati akuwafuna, kuti mtengo woyambira ukwere. Musanatero werengerani msonkho umene dziko limene mukuchokalo lidule pa kugulitsako, chifukwa mwina ndi wokulirapo kuposa umene mukuthawa.

Lamulo la Canada lija limadula mbali zonse. Katundu amene munagula pa 50,000 n'kutsika kufika pa 30,000 tsiku losamuka, mtengo wake woyambira ndi 30,000. Akadzakwera kufika pa 45,000 mudzalipira msonkho pa phindu la 15,000, pomwe m'thumba mwanu mwaluza 5,000.

Chochita ndi ichi. Pa masheya ndi ndalama zoikidwa m'makampani, tulutsani sitetimenti ya tsikulo. Pa nyumba ndi malo, lembani katswiri wovomerezeka woyesa mitengo kuti alembe lipoti lokhala ndi deti, chidindo ndi nyumba zina zimene wayerekezera nazo. Kalata ya mzere umodzi yochokera kwa wogulitsa nyumba ndi yofooka. Lipotilo lichitike mkati mwa miyezi yochepa kuchokera pa tsiku la malire, chifukwa kuyesa mtengo wa zaka 10 zapitazo ndi kodula ndipo otolera msonkho amakukayikira. Opita ku America ndi UK asunge mapepala ogulira, pamodzi ndi malisiti a zowonjezera pa nyumba monga chipinda chatsopano kapena denga.

Palinso nkhani ya kasinthidwe ka ndalama. Phindu limawerengedwa m'ndalama ya dziko latsopano: mtengo wogulira pa mlingo wa tsiku logula, mtengo wogulitsira pa mlingo wa tsiku logulitsa. Nyumba imene mtengo wake wakwera katatu m'ndalama imene yagwa mphamvu ikhoza kuoneka kuti sinapindule kanthu m'madola, ndipo zikhozanso kutembenuka. Opita ku America akumbukirenso kuti nyumba imene anali eni ake ndi kukhalamo zaka ziwiri mwa zaka zisanu zomaliza asanagulitse, phindu lake mpaka madola 250,000 silikhomedwa, kapena 500,000 kwa banja lolemba fomu limodzi, ngakhale nyumbayo ili kunja. Zaka zisanuzo zikuyenda, choncho wozengereza kugulitsa kupitirira zaka zitatu atasamuka mwayiwu umamudutsa.

Chachinayi: tsekani bwino kumene mwachoka

Dziwitsani otolera msonkho a dziko lakale kuti mwachoka, lembani fomu yomaliza, ndipo mutenge chikalata choonetsa msonkho umene mwalipira. Mukapanda kutero angapitirize kukuwerengerani ngati wawo. Mayiko ena, kuphatikizapo Canada, Australia ndi South Africa, amatenga ngati wochokayo wagulitsa katundu wina pa tsiku lochoka, n'kufuna msonkho pa phindulo. Chitani zimenezi nambala ya foni yakale ikugwirabe ntchito, chifukwa mabanki ndi maofesi ambiri amatumiza nambala yachinsinsi yolowera ku foniyo, ndipo ikatsekedwa zikalata zanu zatsekeredwa nayo.

Chachisanu: onani ngati pali chikhululukiro cha obwera kumene

Mayiko ena amamasula mulu wachitatu uja kwa zaka zingapo. Israel imakhululukira obwera kudzakhazikika msonkho pa ndalama zakunja kwa zaka 10. New Zealand imapereka pafupifupi zaka zinayi kwa amene sanakhaleko zaka 10 zapitazo, koma malipiro a ntchito salowamo. Australia imamasula ndalama zambiri zakunja za anthu amene ali pa chitupa chongoyembekezera.

UK inasintha pa 6 Epulo 2025. Dongosolo lakale, limene limakhometsa ndalama zakunja pokhapokha zikabweretsedwa mu UK, linathetsedwa. M'malo mwake muli dongosolo lotchedwa FIG: munthu amene sanakhale wokhala mu UK zaka 10 zotsatizana akhoza kupempha kuti ndalama ndi phindu lakunja zisakhomedwe pa zaka zinayi zoyambirira, ndipo akhoza kuzibweretsa momasuka. Chaka choyamba chimene lamulo lakuwerengerani ngati wokhalamo chimawerengedwa chathunthu ngakhale munafika pakati pa chakacho. Chikhululukirochi sichibwera chokha, mumachipempha pa fomu chaka ndi chaka, n'kulemba kuchuluka kwa ndalamazo. Ndipo chili ndi mtengo: chaka chimene mwapempha mumataya mapaundi 12,570 amene aliyense salipirapo msonkho. Kwa munthu wa pantchito amene amadulidwa 20 pa 100 iliyonse, kutaya kumeneku ndi mapaundi 2,514 kapena kuposa. Ngati zakunja zanu ndi chiwongoladzanja cha mapaundi 600 chokha, kupempha n'kudziwotcha nokha. Werengerani njira zonse ziwiri pa pepala chaka chilichonse.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani fomu ya chaka choyamba

Yambani ndi nambala ya msonkho: SIN ku Canada, SSN kapena ITIN ku America, UTR ku UK, TFN ku Australia. Masiku omaliza ndi awa: 30 Epulo ku Canada, 15 Epulo ku America, 31 Okutobala ku Australia kwa odzilembera okha. Ku UK mumalembetsa pofika 5 Okutobala chaka cha msonkho chitatha, fomu ya pa intaneti n'kupereka pofika 31 Januwale, ndipo nkhani za tsiku la malire zimalembedwa pa masamba a SA109.

Ku Canada, pa fomu pali malo olembapo tsiku limene munalowa. Mukapasiya opanda kanthu, pulogalamu ya pa kompyuta imakupatsani chikhululukiro cha chaka chonse cha ndalama zimene munthu salipirapo msonkho, ndalama yobwezedwa n'kuoneka yonona, kenako CRA n'kudzaitanitsa pamodzi ndi chiwongoladzanja. Chikhululukirocho chimagawidwa ndi masiku. Wofika pa 1 Seputembala ali ndi masiku 122 mwa 365, ndiye amalandira gawo lomwelo. Amalandira chonse ngati pa miyezi imene anali asanafike, 90 pa 100 iliyonse ya ndalama zake zinali zochokera ku Canada.

Apa ndi pamene ambiri amachita mantha: "Ngati sadula msonkho pa ndalama zakale, akuzifunsiranji?" Amazifunsa pa zifukwa ziwiri, kuti ayese muyeso wa 90 uja, komanso kuti awerengere thandizo la ana, limene limadalira ndalama zimene banja linapeza chaka chapitacho. N'chifukwa chake fomu ya RC66SCH imafuna ndalama za nthawi imene munali musanafike, za inu ndi za mnzanu wa m'banja. Lembani zoona, mutazisintha kukhala madola a Canada. Kulemba ziro kumabweretsa thandizo lochuluka lero ndi ngongole mawa. Koma samalani kuti ndalama zomwezo musazilembenso pa mizere ya ndalama zokhomedwa msonkho. Kulakwitsa kumeneku n'kofala, ndipo munthu amalipira msonkho pa malipiro a miyezi isanu ndi itatu amene sanayenera kukhudzidwa.

Ku America chaka choyamba chimatchedwa dual-status. Mumalemba Form 1040 ya nthawi imene muli wokhalamo, n'kuphatikizapo chikalata cha miyezi yoyambirira, chomwe ambiri amagwiritsa ntchito 1040-NR. Chaka chimenechi simupatsidwa standard deduction, ndalama yoikika imene imachotsedwa msonkho usanawerengedwe, ndipo simungalembe fomu limodzi ngati banja. Lamulo limalola okwatirana kusankha kuti onse awerengedwe ngati okhalamo chaka chonse, n'kupeza zonse ziwirizo. Mtengo wake ndi woti malipiro onse a kunja kuyambira 1 Januwale, a onse awiri, alowa pa fomu. Banja limene limalandira zochepa lisanasamuke, kapena limene linalipira msonkho wokwera kumeneko, nthawi zambiri limapindula. Limene linalandira zambiri m'dziko la msonkho wotsika limaluza. Osasankha chifukwa chakuti wolemba mafomu wati ndiyo njira yachidule. Mufunseni akuonetseni manambala a njira zonse ziwiri, ndipo ngati sanalembepo fomu ya dual-status, funani wina.

Posintha ndalama gwiritsani ntchito mlingo wovomerezeka, monga wa Bank of Canada kapena umene HMRC, bungwe lotolera msonkho la UK, imasindikiza. Ndalama yolowa kamodzi, mlingo wa tsikulo. Yolowa mwezi ndi mwezi monga lendi, mlingo wapakati wa chaka umaloledwa kawirikawiri. Lembani pambali mlingo umene mwagwiritsa ntchito.

Chachisanu ndi chiwiri: chotsani msonkho umene mwalipira kale kunja

Nyumba imakhomedwa msonkho poyamba ndi dziko limene yamangidwa. Dziko limene mukukhala limawerengeranso lendi yomweyo, kenako limachotsa zimene mwalipira kale, pa Form 1116 ku America kapena T2209 ku Canada. Limachotsa chochepa mwa ziwiri: msonkho umene munalipira kunja, kapena umene ilo likanadula pa ndalamayo. Lendi yotsala mutachotsa zowonongera ikakhala 10,000, kunja adula 1,500, kuno akufuna 2,500, mumawonjezera 1,000. Kunja akadula 3,000, kuno simulipira kanthu, koma 500 yapamwambayo sakubwezerani. Ku America yotsalayo mukhoza kuibwezera chaka chimodzi m'mbuyo kapena kuisungira zaka 10 za m'tsogolo. Canada, America ndi UK amachotsa chotere ngakhale palibe pangano ndi dziko linalo, koma amafuna umboni woti msonkhowo unalipidwadi. Zaka za msonkho za mayiko awiriwo zikasiyana, gawani lendi ndi msonkho mwezi ndi mwezi kuti zigwirizane ndi chaka cha fomu imene mukulemba.

Chomaliza: ululani maakaunti ndi katundu wotsala kunja

Mafomu awa safuna ndalama, amangofuna kudziwa, koma chindapusa chowaiwala chikhoza kuposa msonkho weniweniwo. Ku America, ngati maakaunti anu onse akunja pamodzi anaposa madola 10,000 ngakhale tsiku limodzi pa chaka, mumalemba FBAR, yomwe ndi FinCEN Form 114. Imatumizidwa payokha pa intaneti, osati limodzi ndi fomu ya msonkho, pofika 15 Epulo, ndipo nthawi imawonjezeka yokha mpaka 15 Okutobala. Akaunti imene muli limodzi ndi makolo anu imawerengedwa. Form 8938 imayamba pa madola 50,000 kumapeto kwa chaka kwa munthu mmodzi wokhala m'dzikomo. Mphatso kapena chuma chamasiye choposa madola 100,000 chochokera kwa munthu wakunja sichikhomedwa msonkho kwa wolandira, koma chimalembedwa pa Form 3520. Ndalama zoikidwa m'matumba ophatikiza masheya a kunja kwa America zimagwera pa malamulo a PFIC, amene msonkho wake ndi wowawa ndipo fomu yake, 8621, ndi yovuta. Ngati muli nazo, ganizirani zozigulitsa tsiku la malire lisanafike.

Ku Canada, katundu wakunja amene mtengo wake wonse uposa madola 100,000 amalembedwa pa T1135. Chaka chimene mwafika koyamba simulemba, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaiwala chaka chachiwiri. Mtengo wogwiritsa ntchito ndi wa tsiku la malire uja. Nyumba imene mumangofikiramo nokha silowamo, ya lendi imalowa. Chindapusa chochedwa ndi madola 25 pa tsiku mpaka 2,500 pa chaka chilichonse.

Musaganize kuti za kutali sizidziwika. Kuyambira mu 2017 otolera msonkho a mayiko osiyanasiyana, omwe tsopano aposa 100, amatumizirana chaka ndi chaka mbiri ya maakaunti a ku banki a anthu okhala kunja, pansi pa dongosolo la CRS, ndipo America ili ndi lake lotchedwa FATCA. Banki yanu yakale ikakutumizirani fomu yofunsa dziko limene mumalipira msonkho, iyankheni ndi adiresi yatsopano ndi nambala yatsopano ya msonkho.

Ngati mwawerenga izi n'kuzindikira kuti chaka chatha kapena cha dzana munaphonya fomu ina, pali khomo lodziulula nokha: Voluntary Disclosures Program ku Canada, Streamlined Filing Compliance Procedures ku America, Worldwide Disclosure Facility ku UK. Chindapusa chimachepa kwambiri, nthawi zina n'kuchotsedwa, kwa amene wafika yekha otolera msonkho asanayambe kumufufuza. Sonkhanitsani masitetimenti a zaka zonse zimene munaphonya, mupite nawo kwa katswiri wodziwa malamulo a mayiko onse awiri, ndipo mafomu a zaka zonsezo atumizidwe pamodzi kudzera pa khomo limeneli, osati limodzilimodzi mwakachetechete.